Kodi mayina anawathera mafumu a ku Ulaya? Yankho kwa bambo a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa Mmalawi mnzathu amene akugwira ntchito ku Leeds. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 akuphunzira za mafumu a ku England, ndiye madzulo alionse akubwera ndi Henry uyu, Henry uyo, Edward wakutiwakuti. Bambowo akuti mutu ukuwazungulira. Anamaliza ndi mafunso awiri: "Kodi azunguwa mayina anawathera? Nanga ine ndimusiyanitsira bwanji mwanayu anthu amenewa?"

Achimwene, funso lachiwirilo ndiyankha. Koma loyambalo ndi limene landikhazika pansi masiku anayi. Ndikudziwa kuti munalemba mongocheza, koma ine landigunda pachilonda, chifukwa ndinaonapo ndi maso anga munthu akulowa dzina la wina, ndipo ndinaona zimene dzinalo linamuchita.

Kwathu ndi ku Ntchisi, kumudzi kumene msewu wake umaduka mvula ikangolimba. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali anyakwawa. Munthu wamtali, mawu ngati bingu. Mlandu ukabwera pabwalo, dzuwa lisanafike paliwombo amakhala atagamula kale, ndipo wogonja ankangong'ung'udza chamumtima popita kwawo, chifukwa panalibe woyerekeza kuwabwezera mawu. Anamwalira ine ndili Fomu 3. Anthu asanabalalike pamaliro, amayi akuluakulu a m'mbumba anakhala paokha m'nyumba, ndipo atatuluka anakagwira achimwene anga, mwana wa amayi aakulu, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Kasungu. Munthu anabwera kumaliro ndi kachikwama ka zovala za masiku atatu. Makina ake osokera anachita kumutsatira patapita miyezi iwiri.

Kuyambira tsiku limene anawalonga ufumu, dzina lawo lobadwa nalo silinamvekenso. Amayi awo enieni, amene anawabereka kumbuyo, ankagwada n'kuwaitana dzina la malemu. Ife ana tinauzidwa kuti wotchula dzina lakale alipira nkhuku. Ndipo dzinalo silinabwere lokha. Linabwera ndi milandu yake yosatha, ngongole zake, adani ake, ndi mbiri ya ukali umene achimwenewo analibe ngakhale pang'ono. Iwo ndi munthu wofatsa, womvetsera mpaka wodandaula atope yekha. Anthu anayamba kunong'onezana kuti dzina lagwera pamchenga, kuti "uja ndiye anali mfumu".

Chimene sindidzaiwala ndi mlandu wa dimba la kudambo. Amalume, pazifukwa zimene anapita nazo kumanda, anapereka dimba limodzi kwa mabanja awiri, lina chaka china, lina patadutsa zaka. Mabanja onse awiri anafika pabwalo, ndipo aliyense ankaloza achimwene anga n'kumati, "Munatipatsa ndinu, a mfumu." Nthawi imene dimbalo linkaperekedwa koyamba, munthu wolozedwayo anali ndi zaka 9, akuweta mbuzi. Koma sakanatha kunena kuti "si ine", chifukwa pampando paja sipanakhale telala wa ku Kasungu, panakhala dzina. Mlanduwo unawadya zaka zitatu. Usiku wina ndili patchuthi, tikuotha moto awiriwiri kuseri kwa nkhokwe, anandiuza chapansipansi kuti, "Mphwanga, pano palibe wina. Tanditchulako dzina langa lija, ndalisowa." Ndinawatchula. Anangogwedeza mutu, n'kusonkhezera moto.

Ndiye mukandifunsa ngati mayina anawathera mafumu a ku Ulaya, ndikuti ayi, ndipo ife tikanayenera kukhala oyamba kumvetsa. Iwonso amalowa dzina. Mfumu ikatchedwa Louis kapena Henry, chimene ikuuza anthu ake n'chakuti mpando ndi womwe uja, magazi ndi omwe aja, musandione ngati mlendo. Chimene anawonjezera ndi nambala kumapeto, ndipo nambalayo si ya iwo okha. Angoni a ku Ntcheu ali ndi Gomani V lero. Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo Gomani II, Philip, ndi amene anakana chitaganya mu 1953 mpaka boma linamuchotsa pampando. Ku Mzimba kuli M'mbelwa V. Ku Mkaika, ku Katete, Achewa a mayiko atatu timasonkhana pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, dzina limene ladutsa pamitu ya anthu ambirimbiri. Sindinamvepo wina akufunsa ngati ifeyo mayina anatithera.

Chaka chomwecho cha maliro a amalume ndi chimenenso mafumu a ku France anandichititsa manyazi. Pamayeso a m'kalasi ndinalemba kuti Louis XIV anadulidwa mutu ndi anthu ake. Aphunzitsi anawerenga pepala langa pamaso pa onse, anzanga n'kuseka, koma sanafotokoze kusiyana kwa anthu awiriwo. Anangoti tiziloweza. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndimaona kuti cholakwika chinali kaphunzitsidwe. XIV ndi 14, XVI ndi 16. Kandodo kamodzi kokha ndi kamene kasuntha. Mwana amene sanauzidwe kuti anthuwa anali otani alibe pogwira, ndipo adzasokoneza basi.

Louis XIV analowa ufumu mu 1643 ali ndi zaka zinayi, n'kulamulira zaka 72. Ndi uja anamanga nyumba yachifumu ya Versailles n'kusonkhanitsiramo nduna ndi akuluakulu onse kuti aziwaona pafupi. Anafera pabedi lake mu 1715. Anakhalitsa moti mwana wake ndi mdzukulu wake, amene akanalowa m'malo mwake, anamwalira iye akadali moyo, ndipo mpando unagwera kamwana ka mdzukuluyo ka zaka zisanu, Louis XV. Louis XVI ndi mdzukulu wa ameneyu. Analowa mu 1774, munthu wamanyazi, wokonda kusaka ndi kukonza maloko, n'kupeza thumba la boma lodzaza ngongole za nkhondo, iye n'kuwonjezerapo zake pothandiza anthu a ku America kumenyana ndi Britain. Nditadzawerenga bwino za iye ndili wamkulu, ndinaona nkhope ya achimwene anga: munthu wofatsa atavekedwa dzina la anthu aukali. Sindikunena kuti analibe mlandu. Anthu ake ankagona ndi njala, ndipo mu 1791 anayesa kuthawa mozemba mpaka anagwidwa ku Varennes. Anamudula mutu ku Paris pa 21 Januwale 1793.

Koma taonani chimene anachita asanamuphe. Anayamba amuvula dzina. Pomuzenga mlandu sanamutche Louis XVI. Anamutcha nzika Louis Capet, potengera kholo lake lakalekale Hugh Capet, amene anakhala mfumu mu 987. Anthu oukirawo ankadziwa kuti bola akadali "wa 16", kumbuyo kwake kwaima mzere wonse wa a Louis, kuphatikizapo Louis IX amene anafera ku Tunis mu 1270 ndipo mpingo unamutcha woyera. Kudula mutu wa munthu wamba wotchedwa Capet kunali kopepukirapo.

Apa ndi pamene ndinayamba kuona chinthu chimene mabuku athu a kusukulu sananene, chakuti nambala ya mfumu si masamu, ndi ndale. Mufufuze Louis XVII, muone chimene analamulira. Palibe. Anali mwana wa Louis XVI, ndipo anafera m'ndende ya Temple mu 1795 ali ndi zaka 10, wodwala, wosiyanitsidwa ndi amayi ake. Sanakhalepo pampando ngakhale tsiku limodzi. Koma Napoleon atagwa mu 1814, mng'ono wake wa Louis XVI pobwerera ku France anadzitcha Louis XVIII, osati XVII, ndipo pa chikalata cha malamulo chimene anapereka chaka chomwecho analemba kuti chinali chaka cha 19 cha ufumu wake. Munthu wangofika kumene kuchokera kochita kubindikira kunja, akuti walamulira zaka 19. Ndi nambala imodzi yokha anafuna kufafaniza kuukira konse ndi Napoleon yemwe, ngati kuti sizinachitike. Charles II wa ku England anachita chimodzimodzi: anabwerera pampando mu 1660, koma zaka za ufumu wake ankaziwerenga kuyambira 1649, pamene bambo ake anadulidwa mutu. A banja la Napoleon nawonso anaphunzira nzeruyo. Amene anadzakhala mfumu mu 1852 anadzitcha Napoleon III, podumphira mwana wa Napoleon amene anamwalira ku Vienna mu 1832 ali ndi zaka 21 osalamulirapo dziko.

Ya ku Sweden ndiye imandiyabwa kwenikweni. Mfumu yawo ya lero, imene inalowa mu 1973, ndi Carl XVI Gustaf. Mungaganize kuti patsogolo pake panadutsa a Carl 15. Ayi. Mu 1554 ku Rome kunasindikizidwa buku la mbiri ya mafumu a ku Sweden lolembedwa ndi bishopu wamkulu Johannes Magnus, amene anaukoka mzere wa mafumuwo mpaka kukafika kwa Magogi, mdzukulu wa Nowa, n'kudzaza mipata yonse ndi mafumu a m'mutu mwake. Ana a Gustav Vasa anatenga bukulo ngati loona. Mmodzi anadzitcha Erik XIV mu 1560, mbale wake n'kudzakhala Karl IX. Kuyambira pamenepo nambala zinangopitirira. Karl woyamba amene akatswiri a mbiri amamuvomereza kuti analikodi ndi amene amatchedwa wachisanu ndi chiwiri, ndiye mukawerenga bwino mfumu ya leroyi ndi Carl wa 10. Asanu ndi mmodzi oyambawo sanabadwe n'komwe. Ndiponso banja lomwe likulamulira panopa linayamba ndi Jean Bernadotte, msilikali wa ku France, mkulu wankhondo wa Napoleon, amene mu 1818 anangolowa dzina n'kukhala Karl XIV Johan.

Chimene chimandiyabwa n'chakuti ife tinakula tikuuzidwa kuti mbiri ya azungu ndi yolembedwa, choncho ndi yoona, pamene ya ife ndi nthano za agogo zokamba pamoto. Nkhalamba ikatchula mayina a amene anakhalapo pampando wa mudzi wathu, mmodzimmodzi, osaphonya, ophunzira ankati zimenezo zilibe umboni. Koma mfumu ya dziko lolemera la ku Ulaya ikuyenda ndi nambala yochokera m'buku lopeka, ndipo palibe amaitcha yotsalira. Sindikunena kuti nkhalamba zathu sizinawonjezere mchere. Zinawonjezera, makamaka pakakhala mkangano wa malo. Ndikunena kuti aliyense amene ali ndi mpando woti auteteze amakonza mzere wa makolo ake, kaya ndi cholembera kaya ndi pakamwa, ndipo n'kulakwa kuphunzitsa mwana kuti azigwadira pepala n'kumanyoza agogo ake.

Ena kubwerezaku anakusandutsa mwambo weniweni. Ku Denmark, kuyambira 1513, mafumu ankangosinthana mayina awiri, Christian ndi Frederik, kwa zaka zoposa 450, mpaka Margrethe II anadula mzerewo mu 1972. Atatula pansi udindo pa 14 Januwale 2024 analowa mwana wake Frederik X, ndipo wodikirira pambuyo pake dzina lake mwalidziwa kale, ndi Christian. Ku Germany kunali banja lachifumu laling'ono la Reuss limene mwana wamwamuna aliyense ankatchedwa Heinrich, aliyense ndi nambala yake, mpaka kunapezeka Heinrich LXXII, wa 72. Ndimaganizira mayi akuitana ana ake kudzadya.

A Henry anayi, onse "wachinayi"

Tsopano pano ndi pamene mwana wanu angagwe m'mbuna, chifukwa dziko lililonse limawerenga palokha. Tengani dzina loti Henry IV. Alipo anayi odziwika, ndipo palibe amene anaonana ndi mnzake.

Woyamba ndi wa ku Germany. Anakangana ndi Papa Gregory VII pa nkhani ya amene ali ndi mphamvu yosankha mabishopu. Papa anamuchotsa mumpingo, akuluakulu ake anayamba kumuukira, ndipo mu Januwale 1077 anawoloka mapiri m'nyengo yachisanu kupita ku Canossa, ku Italy, kumene anaima panja pa linga masiku atatu kupempha chikhululukiro. Wachiwiri ndi wa ku England, amene analanda mpando kwa msuweni wake Richard II mu 1399 n'kukhala ndi nkhawa ya oukira mpaka imfa yake mu 1413. Wachitatu ndi wa ku Castile, ku Spain, kuyambira 1454 mpaka 1474, amene anthu amamukumbukira makamaka chifukwa cha mlongo wake Isabella, uja anathandiza ulendo wa Columbus mu 1492.

Wachinayi ndi amene ine ndimamukonda, Henry IV wa ku France. Kwawo ku Navarre anali Henry III, ndiye munthu mmodzi nambala ziwiri. Anali Mpulotesitanti m'dziko limene Akatolika ndi Apulotesitanti anaphana kwa zaka zoposa 30. Analowa Chikatolika mu 1593 kuti Paris imulandire, ndipo mu 1598 anakhazikitsa lamulo la ku Nantes lolola Apulotesitanti kupembedza. Munthu wotentheka pachipembedzo, François Ravaillac, anamubaya ndi mpeni mumsewu wa Paris pa 14 Meyi 1610. Ndipo amene anadzathetsa lamulo la mtenderelo mu 1685 anali mdzukulu wake weniweni, Louis XIV yemwe uja. Apulotesitanti zikwizikwi anathawa, ena anakafika ku Cape mu 1688. Abale athu amene muli ku South Africa, mukamaona mayina ngati Du Plessis, Du Toit, De Villiers, kapena mukadutsa ku Franschhoek kumene kuli minda ya mphesa, dziwani kuti mukuponda m'mapazi a chisankho cha Louis XIV.

Wina anganene kuti kusokoneza mafumu akufa kulibe vuto, sikuchepetsa ufa m'thumba. Ine ndikukana. Pali a Leopold II awiri. Wina analamulira kuchokera ku Vienna zaka ziwiri zokha, 1790 mpaka 1792, mlongo wake wa Marie Antoinette, mkazi wa Louis XVI. Winayo ndi wa ku Belgium, amene kuyambira 1885 mpaka 1908 anagwira Congo ngati munda wakewake, kumene anthu ankadulidwa manja chifukwa chosakwanitsa mlingo wa mphira. Mwana wa Mwafrika sayenera kusokoneza awiriwa. Mlandu uyenera kukhala pa mwini wake. Ndinaona pabwalo la kwathu zimene zimachitika mlandu ukakakamira dzina m'malo mwa munthu, ndipo mbali inayo ndi yoipanso chimodzimodzi: wolakwa kubisala m'gulu la amene akugawana naye dzina.

Ngakhale kutchalitchi timachita zomwezi. Ndamvapo kangapo mlaliki akukalipira Herode ngati munthu mmodzi: anapha makanda ku Betelehemu, anadula mutu wa Yohane Mbatizi, anaphanso Yakobo. Amenewo ndi anthu atatu. Woyamba ndi Herode Wamkulu, wachiwiri ndi mwana wake Antipa, wachitatu ndi mdzukulu wake Agripa. Mpingo wonse umavomera "ameni", ine mtima uli phaphapha pabenchi.

Chinanso chosokoneza n'chakuti dzina limodzi limavala zovala zosiyana likawoloka malire. Henry ndi Henri, Heinrich, Enrique. Charles ndi Karl, Carl, Carlos. Louis ndi Ludwig, Luis, Luigi, ndipo onsewa akuchokera kwa Clovis, mfumu ya Afulanki imene inamwalira mu 511. Mabuku a Chingerezi amakonda kuwasandutsa onse Angerezi, n'chifukwa chake Charles V amene Martin Luther anaima pamaso pake ku Worms mu 1521 ndi munthu yemweyo amene ku Spain amamutcha Carlos I, koma si Charles V wa ku France amene anafa mu 1380.

Za ku England, poti ndi zimene mwana akuphunzira

Mumuuze mwanayo kuti Edward I sanali Edward woyamba. Patsogolo pake panadutsa a Edward atatu, womaliza wake Edward the Confessor amene anamwalira mu 1066. Koma nambala za ku England zimayambira pa William wa ku Normandy, amene analanda dzikolo chaka chomwecho, ngati kuti asanabwere iye kunalibe mafumu owerengeka. Chodabwitsa n'chakuti Edward I, amene analowa mu 1272, anapatsidwa dzinalo ndi bambo ake Henry III polemekeza Confessor yemweyo. Dzina anatenga, koma mwini dzina sanamuwerenge.

Kumudzi kwathu kunali nkhalamba ina imene inapita ku Burma ndi asilikali a Keyala. Ikakhuta, inkatulutsa mendulo m'kachitini n'kumati inamenyera King George. Ndili mwana ndinkaganiza kuti George ameneyu ndi yemwe ankalamulira pamene John Chilembwe anaukira mu 1915. Si choncho. Wa nthawi ya Chilembwe ndi George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936. Wa ku Burma ndi mwana wake George VI, ndipo ameneyu kwawo sankatchedwa George n'komwe. Dzina lake loyamba linali Albert, abale ake ankamuitana Bertie. Mkulu wake Edward VIII atasiya ufumu mu Disembala 1936 kuti akwatire Wallis Simpson, dziko linagwedezeka, ndipo Albert, munthu wachibwibwi amene sanaufune mpandowo, analowa dzina la bambo ake kuti anthu akhazikike mtima. Uyu ndiye ndimamumvera chisoni ngati mbale. Anagwidwa monga anagwidwira telala wa ku Kasungu, ndipo ndimadzifunsa ngati panali usiku umene anapempha mkazi wake kuti amutchule dzina lake lenileni.

Nambala zimatha kuyambitsa ndewu. Elizabeth I, amene anamwalira mu 1603, sanalamulirepo Scotland. Amene analowa m'malo mwake anali kale James VI ku Scotland, n'kukhala James I ku England, uja dzina lake lili pa Baibulo la Chingerezi la 1611. Ndiye mu 1952 mfumukazi yatsopano itatchedwa Elizabeth II, anthu a ku Scotland anafunsa kuti wachiwiri bwanji, woyamba wathu anali ndani? Mabokosi oponyamo makalata okhala ndi chizindikiro cha EIIR, chidule cha dzina la Elizabeth II, anawonongedwa, limodzi ku Edinburgh linaphulitsidwa mu 1953, ndipo loya wina wa ku Scotland, John MacCormick, anapita nayo nkhaniyo kukhoti koma anagonja. Pamapeto pake mabokosi a ku Scotland anangoikidwa chisoti chachifumu cha kwawoko popanda nambala. Inu muli ku Leeds, mukadzakwera sitima kupita ku Edinburgh mudzamuonetse mwanayo, adzakumbukira kuposa zolemba pabolodi.

Palinso mayina amene anthu anawathawa. England yakhala ndi John mmodzi yekha, uja anataya malo ambiri ku France n'kukakamizidwa kuvomera Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215. Zaka zoposa 800 zadutsa, palibe John wachiwiri. Kwathunso alipo mayina amene mbumba imangowasiya agone. N'chifukwa chake mu 2022 anthu ankadikira kumva ngati mfumu yatsopano isunga dzina loti Charles, podziwa kuti Charles I anadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649 ndipo Charles II anakhala zaka zambiri kunja ngati wothawa. Inalisunga. Ine ndinaona kuti inachita bwino, chifukwa munthu wa zaka 73 amene dziko lonse lamudziwa ndi dzina limodzi moyo wake wonse alibe chifukwa chobisalira m'dzina la wina.

Tsono za mwana wanuyo, achimwene. Asaloweze mndandanda. Akamva dzina la mfumu azifunsa zinthu zitatu: wa dziko liti, wa zaka ziti, anachita chiyani. Mfumu iliyonse aimangirire pa chochitika chimodzi, monga mmene kumudzi timati "a mfumu a nthawi ya njala ya 1949". Henry II ndi wa imfa ya bishopu Thomas Becket mu 1170, Henry V ndi wa nkhondo ya Agincourt mu 1415, Henry VII ndi wa nkhondo ya Bosworth mu 1485, Henry VIII ndi wa akazi asanu ndi mmodzi ndi kupatukana ndi Papa mu 1534. Nambala za Chiroma azizilemba m'manambala athu pambali, kandodo kakakhala kumanzere kwa V kapena X achotse, kakakhala kumanja awonjezere. Ndipo mumatire pepala lalitali pakhoma la kukhitchini, zaka zikuyenda kuchokera kumanzere, dziko lililonse ndi mzere wake. Pansi penipeni muikepo mzere wa kwanu, mulembe amene anakhalapo pampando wa mudzi wanu. Ngati simukuwadziwa, imbirani azakhali akadali moyo.

Achimwene anga akadali pampando, zaka zaposa 30 tsopano. Mlandu wa dimba uja anaumaliza podula gawo la dimba la banja lathu n'kupatsa banja limene linatsala manjamanja, ndipo amayi aakulu sanawalankhule miyezi ingapo. Ana a masiku ano akamva dzinalo amaganiza za mkulu wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, amene milandu yake imatha dzuwa litapendeka. Sadziwa kuti kunali wina wa mawu ngati bingu. Makina aja ali pakona ya chipinda, ataphimbidwa ndi chitenje, ndipo amawavundukula sukulu ikamatsegulira kuti asokere adzukulu yunifolomu. Ndikupita kumudzi mwezi wamawa, ndipo ndawagulira kale singano ndi mafuta a makina.